Chigamba cha pa Diso la Juna

Sirkhola, Baglung
9 Epulo 2004

Kopila mwana wanga,

Landira moni wa ine bambo ako. Kuno tilipo, kaya iwe ku Bangalore kumeneko. Njati yathu yoweta yabereka yaikazi. Chimanga chamera. Mlongo wako Tul akadali ku Qatar. Kalata yake ya mu Januwale inali ya mizere isanu, ngati kuti cholembera chimamuluma.

Ndikulemba ndi dzanja langa chifukwa sindifuna aphunzitsi amene amandilembera makalata adziwe za m'nyumba mwanga. Zilembo zina zikagwa uzidzutse wekha. Sukulu yanga inathera m'kalasi yachitatu, ukudziwa.

Nkhani ndi ya Juna, mwana wa mlongo wakoyo. Diso lake lamanzere layamba kuthawira kumphuno. Mayi ake, Bimala, anapita naye kuchipatala cha maso ku Pokhara. Ine sindinapite, mawondo anakana. Adokotala akuti disolo silikudwala, koma ndi laulesi. Chibadwire sindinamvepo kuti diso lingachite ulesi ngati ng'ombe yokana goli. Awapatsa tizigamba tomata padiso, maola asanu ndi limodzi patsiku, ndipo akuti adzabwererenso chikondwerero cha Dashain chikadzatha. Akutinso tisazengereze, chifukwa mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi theka ndipo nthawi ikutha. Nthawi ya chiyani? Bimala sanafunse. Undiuze ndiwe. Ndinkayesa ndikulera dokotala wa anthu, koma poti unasankha kukhala dokotala wa mbewa, funsa mbewa zakozo. Zikakuthera, m'nkhokwe muno zilipo zambiri.

Ndazungulira mudzi wonse kufunsa amene wamugenda mwanayu. Ana onse akukana. Adzukulu a Harka ndawafunsa kawiri. Diso silimangofa lokha, ine ndikudziwa. Langa lamanzere linafa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene mkulu wanga Harka anaponya mwala ndi legeni tikuthamangitsa anyani m'chimanga, mwalawo n'kupeza ine. Patapita zaka khumi tinatsika limodzi kuchigwa kukalembetsa usilikali. Pothamanga ndinamusiya kutali. Kenako olemba usilikaliwo anandiphimba diso lamanja ndi kathabwa, amvekere werenga madontho. Ndinangoona utsi. Iye anamutenga, ine anandilozera njira yakwathu. Lero malata a nyumba yake amandithobwa m'diso lotsalali m'mawa uliwonse. Chimwalirireni bambo athu, zaka makumi atatu ndi chimodzi, sindinakwerepo kwa iye pa Dashain kuti andiike tika, mpunga wa madalitso uja, pamphumi, ngakhale ndiye wamkulu wa banja. Dzanja limene linanditsekera diso lisandidalitse. Izi ndakuuzapo kale, ndipo ndidzakuuzanso.

Ulembe msanga. Unene ngati ukudya.

Ndine bambo ako,
Aita Pun

*

Bangalore
4 Meyi 2004

Ababa okondedwa,

Kalata yanu ndailandira ndi manja awiri. Ndikudya, ndanenepako pang'ono. Mbewa zili bwino, ndipo za m'nkhokwe mwanuzo zisungeni.

Ababa, lekani kuopseza ana a eni. Palibe wagenda Juna. Adokotala anena zoona. Diso lili bwino, vuto lili kuseri kwake, mu ubongo, ndipo zimenezi zikuyandikana ndi zimene ndimafufuza tsiku ndi tsiku.

Ana awiri akamakulankhulani nthawi imodzi, wina za kumtsinje wina za kuphiri, mumatani? Mumakhalitsa chete mmodzi. Maso a Juna akuyang'ana kosiyana, ndiye ubongo ukulandira zithunzi ziwiri zosagwirizana, n'kumakhalitsa chete lamanzere. Mu ubongo muli timaselo timene ntchito yake ndi kuuza anzake kuti chete. Tili ngati munthu wotseka madzi pa ngalande ya minda ya mpunga. Popanda iye madzi amagumula minda, koma akatseka mopitirira munda wina umauma. Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi chaching'ono: timaselo toletsa timeneti natonso tili ndi timakutu take tomvera mawu akuti chete, ndipo timakututo timathandiza kulamula kuti njira zolumikiza selo ndi selo zilimbe kapena zifooke. Ndimatenga kachidutswa ka ubongo wa mbewa kopyapyala ngati khungu la anyezi, n'kumamvetsera selo limodzi ndi kasingano kagalasi. Zambiri sitinazimvetsebe.

Koma ichi n'chodziwika. Ubongo wa mwana uli ngati mzere wa munda wa mpunga umene mwangouwumba kumene. Matope akadali ofewa mungathe kuuwongola ndi phazi. Ukauma pamafunika khasu, ndipo nthawi zina nalo khasu limakanika. Timaselo toletsa tija ndi timene timathandiza kuika nthawi imene matopewo ali ofewa ndi nthawi imene akuuma. Pa nkhani ya maso zimayenda bwino kwambiri mwana asanapitirire zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Ndiyo nthawi imene adokotala akunena kuti ikutha. Chigambacho chimakakamiza ubongo kumvera diso limene ukulinyalanyaza. Chonde asaphonye ngakhale tsiku limodzi. Malangizo onse Bimala anawamva.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa Juna.

Mwana wanu,
Kopila

*

Sirkhola
21 Juni 2004

Kopila,

Moni. Mvula yayamba, tikuwokera mpunga. Msana ukupweteka koma sunathyoke.

Kalata yako ndinaiwerenga masiku atatu. Za ana awiri, mmodzi n'kumukhalitsa chete, ndamva. Ngati ukunena ine ndi Harka unene poyera, usandiphiphiritsire. Za munthu wotseka madzi ndamvetsa koposa, chifukwa chaka chino wotseka madzi ndi mwana wa Harka, ndipo munda umene ukuuma ndi wathu.

Za Juna mtima ukhale pansi. Masiku awiri oyamba kunali maliro m'nyumba muno. Ankalira, kugunda chitseko, kutaya mbale ya mphodza, kufuna kuchikanganula chigambacho. Ndinayang'anitsitsa n'kuona pamene mayi ake ankalakwitsa. Ndinakonza ndekha. Kuyambira tsiku limenelo sanalirenso. Adokotala anati maola asanu ndi limodzi, ife tikuchita tsiku lonse, kuti mankhwala alowe bwino. Ali ndi chigamba chakecho amathamanga pa mizere ya minda osaterereka, amasankha timiyala mu mpunga kuposa mayi ake, dzana wandilowetsera ulusi m'singano. Anthu ophunzira mumaopsa zinthu. Mwanayu wachira kale, ndikuona ine.

Kodi pa Dashain ubwera? Unene, tidziwe ngati tisunge mbuzi yaikulu.

Bambo ako,
Aita

*

Bangalore
6 Ogasiti 2004

Ababa,

Moni. Kalata yanu ya pa 21 Juni yandipeza dzulo. Akuti phiri linagumukira msewu ndipo matumba a makalata anakhala kutsidya masabata asanu ndi limodzi. Iyi ndapatsira bambo wina wa ku Baglung amene amalondera nyumba yathu kuno. Akunyamuka mawa, adzakupatsani pamanja.

Ndiyankheni chinthu chimodzi. Chigamba chili pa diso liti?

Mwana amene wamatidwa moyenera amalira. Amagunda chitseko, amataya mbale. Salowetsa ulusi m'singano tsiku lachitatu. Zimene mwalemba kuti mtima wanga ukhale pansi ndi zimene zandiopsa. Chigamba chilibe mankhwala, Ababa. Ndi chotchinga chabe. Chimamatidwa pa diso LABWINO, lamanja, kuti ubongo usowe kothawira, uyambe kumvera lamanzere. Mukachimata pa lamanzere ndiye kuti mukuthandiza ubongo kuliiwala, ndipo mwakhala mukutero tsiku lonse kuyambira Epulo.

Sindikukalipirani. Ndinakulemberani masamba awiri a timaselo ndi timakutu, n'kusiya mawu awiri okha amene ankafunika. Cholakwa ndi changanso. Koma miyezi inayi yapita ndipo matope akuuma. Sinthani lero, musadikire mawa. Alire, mumusiye alire.

Pa Dashain sinditha kubwera, ntchito ili pakati. Mbuziyo idyani.

Kopila

*

Sirkhola
17 Ogasiti 2004

Alamu anga,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndine Bimala. Ndikulemba apongozi ali kodyetsa njati.

Mundikhululukire. Ine ndinkadziwa kuti adokotala anati lamanja. Koma tsiku lija apongozi anati, "Mpongozi, ng'ombe ikathyoka mwendo umamanga wabwinowo? Ku Pokhara unamva chagada." Mukudziwa kuti m'nyumba muno sindingawayankhe. Ngakhale dzina lawo sindinalitchulepo chilowereni pakhomo pano. Ndinangoti mwina ndi ine ndinasokoneza. Ndinalembera bambo a Juna ku Qatar, sanayankhe.

Kalata yanu inafika Lachisanu masana. Anaiwerenga ali chiimire pabwalo. Atamaliza anandifunsa, "Mpongozi, dokotala anati liti?" Ndinati, "Lamanja, apongozi." Anati, "Nanga unakhaliranji chete?" Ndinati, "Munali mutalankhula kale." Anaitana Juna, n'kumukanganula chigamba, n'kumata chatsopano kumanja ndi manja awo. Juna anakuwa, "Agogo, mwazimitsa dzuwa! Yatsani!" Anawamenya zibakera pachifuwa. Iwo anangomugwira.

Mawa lake ndinawapeza atang'amba mpango wawo wakale, adzimanga nawonso diso lamanja. Akuti, "Tazimitsa tonse, usandinyoze." Tsopano maola asanu ndi limodzi amakhala awiriwo pamkeka, akusankha nyemba zofiira ndi zoyera. Juna amawaseka, "Agogo, imeneyo si nyemba, ndi manyi a mbuzi!" Iwo amati, "Iwe ndiye kapitawo, loza." Kulira kwachepako. Koma ndikuopa adzagwa, chifukwa ndi mpangowo saona chilichonse ndipo sakufuna kugwiridwa dzanja.

Musawauze kuti ndalemba.

Mlamu wanu,
Bimala

*

Sirkhola
12 Seputembala 2004

Kopila mwana wanga,

Moni. Tilipo. Chigamba chili kumanja. Za amene analakwa sindilemba, pepala ndi lochepa.

Ndagwa. Usadandaule, ndasupuka chigongono basi. Ndinali nditadzimanga mpango padiso kuti Juna asakhale yekha mumdima, ndiye ndinati ndikatunge madzi ndili choncho. Ndinaphonya njira n'kugubudukira m'munda wa mawere. Mwa minda yonse ya m'phiri muno unali wa Harka, ndipo mwini wake anali momwemo akupalira.

Anandidzutsa. Anati, "Iwe Aita, ukalamba wakulowa m'mutu? Wabisa diso labwino kuti uyende ndi lakufa?" Ndinati, "Ndisiyeni, akulu. Lakufalo munalipha ndinu." Aka kanali koyamba kumuuza m'maso. Zaka zonsezi ndauza mudzi wonse, iye yekha ayi.

Anakhala pansi pa mzere. Anati, "Masula chinsanzacho." Ndinamasula. Anandigwira dzanja n'kuika chala changa pa nsidze. Anati, "Chipsera chako chili mbali iti?" Ndinati chili kumanja, aliyense akudziwa. Anati, "Nanga lakufa ndi liti?" Ndinati lamanzere, chifukwa ululu unadutsa pansi pa mphuno n'kukatulukira uko. Ndi mmene ndakhala ndikudziwira. Mwala unandigunda kumanja, diso linatupa n'kutsekeka sabata yathunthu, ndipo sabata imeneyo ndi pamene lamanzere linasanduka utsi. Kutupa kutaphwa lamanja linabwerera, lamanzere silinabwerere.

Iye anati, "Silinapite kulikonse sabata imeneyo, chitsiru iwe. Linali choncho kale. Uli khanda amayi ankapachika kansalu kofiira kumanzere kwa dengu limene unkagonamo, kuti diso liwongoke. Ndinkakugwedezera dengulo ndine." Ndinati, "Bwanji simunanene?" Anati, "Unandifunsapo? Zaka zonsezi umandiyang'ana ngati ndakubera njati. Ndipo kugenda ndinakugendadi, ndikanayambira pati?"

Ndinatola mtsuko wanga n'kumapita. Msilikali wopuma amadziwa kulankhula, ndiyo ntchito imene yamutsalira. Koma iwe ndiwe mwana wanga, sungandinamize chifukwa cha malata ake. Funsa mbewa zako. Kodi ululu ungadutse pansi pa mphuno?

Bambo ako,
Aita

*

Bangalore
29 Seputembala 2004

Ababa okondedwa,

Moni. Chigongonocho muzichitsuka ndi madzi owiritsa. Mpango muzimanga muli pansi, osati panjira.

Sindingalumbire za diso limene sindinaliyeze. Koma mwala umene unang'amba nsidze yakumanja osalowa m'diso, lamanjalo n'kumaonabe bwino mpaka lero, sindikuona mmene ukanaphera lamanzere. Diso lothawira kumphuno limayenda m'mabanja ena. Juna ali nalo ndipo palibe anamugenda. Ndikuganiza kuti ubongo wanu unali utakhalitsa kale chete diso lamanzere muli wamng'ono, inu osadziwa chifukwa lamanja linkagwira ntchito ya awiri. Litatupa n'kutsekeka, munaona koyamba zimene Juna anaona tsiku limene munamumata kumanja.

Ndinene chinanso, musakwiye. Kutupa kuja kunali chigamba, ndipo kunali pa diso loyenera. Kunangokhala sabata imodzi. Kukanakhala miyezi, pa msinkhu umene munali nawo, mwina diso lanu likanadzukako. Kwa inu matope anauma kalekale, Ababa, ndipo zikundiwawa. Kwa Juna sanaume.

Mwana wanu,
Kopila

*

Sirkhola
8 Novembala 2004

Kopila mwana wanga,

Landira moni. Tonse tili bwino. Mpunga tamweta, wachita bwino ngakhale munda uja unauma pang'ono.

Ndiyambe ndi zimene ukudikira. Tinapita ku Pokhara Lachiwiri. Ulendo uno ndinapita nawo, mawondo ndinawauza kuti akhale chete. Adokotala anamuphimba Juna diso lamanja n'kumuonetsa thabwa la tizipeso ta mano atatu, kuti aziloza kumene mano ayang'ana. Mu Epulo akuti ankathera pa mzere wachiwiri. Ndinaima kumbuyo kwake ngati ndili kolembetsa usilikali kuja. Analoza woyamba. Wachiwiri. Wachitatu. Wachinayi anaima, n'kupendeketsa mutu, n'kuloza. Wachisanu anaphonya ziwiri n'kupeza zitatu. Ndinakhala pansi osauzidwa.

Adokotala anati diso likanafika patali chikhala kuti sitinataye miyezi inayi, n'kufunsa kuti anasintha diso ndani. Bimala anayang'ana pansi. Ndinati ndine. Ananditsuka ndi mawu pamaso pa mpongozi wanga, ndipo ndinawasiya atero. Akuti chigamba chipitirire mpaka chaka chamawa, amupatsanso magalasi, ndipo za kuwongola disolo adzaona pambuyo. Koma akuti diso ladzuka. Ndinawafunsa kawiri, anati ladzuka. Pobwerera m'basi ndinamuuza Bimala kuti tsiku lina ndikadzalakwitsanso andiyankhe. Anati, "Chabwino, apongozi," n'kundiuza pomwepo kuti ndakhalira thumba la magalasi.

Tsopano za Dashain, poti ndikudziwa ufunsa.

Tsiku la tika ndinavala malaya oyera, ndinati ndingoperekeza Juna kwa agogo ake aakulu chifukwa njira ndi yoterera. Ndinatenga kalata yako m'thumba. Tinapeza khonde ladzaza adzukulu ndi apongozi. Harka anali pampando, mbale ya mpunga wosakaniza ndi chambiko ili pamiyendo. Anati, "Wasochera? Munda wa mawere uli kumunsiku." Ndinati, "Ndabwera ndi kalata ya dokotala." Anati, "Wa mbewa uja?" Ndinati, "Yemweyo. Mverani." Ndinamuwerengera yonse, pang'onopang'ono monga ndimawerengera.

Nditamaliza anati, "Tadikira. Mwanayu akunena kuti ndikanamakugenda mwezi uliwonse ukanakhala msilikali?" Ndinati, "Akuti mwina." Anati, "Ndiye mlandu wanga ndi wakuti ndinakugenda kamodzi kokha!" Anaseka mpaka kutsokomola, khonde lonse n'kuseka. Ine sindinafune kuseka. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndanyamula mwala umenewu, si chinthu choseketsa. Koma chinandituluka chokha m'mphuno.

Usaganize kuti zonse zatha. Pothamanga ndinamusiyadi kutali, ndipo ndinamukumbutsa. Anavomera pamaso pa anthu. Za madzi a ngalande tidzakambirana ndi mwana wake.

Anaika tika Juna. Kenako anandiyang'ana, mpunga uli pa zala. Ndinagwada. Mawondo analira, anthu onse anamva. Dzanja lake limanjenjemera masiku ano, sindinkadziwa. Anaphonya pakati pa mphumi, mpunga wonse n'kutera pa chipsera chija, chambiko n'kutsikira m'diso lamanja mpaka ndinatsinzina. Juna anafuula, "Agogo aakulu akuwamata chigamba!"

Harka anandigwira mutu ndi manja awiri. Anati, "Mng'ono wanga, ndamata loyenera?"

Ndinati, "Loyenera, akulu."

Madalitso amene ananena pambuyo pake sindinawamve bwino. Ndinkamuyang'ana ndi lamanzere, ndipo ndinkangoona utsi wooneka ngati munthu. Sindinapukute mpaka anamaliza.

Chaka chamawa ubwere, Harka wakusungira m'kapepala mphukira za balere zimene amapereka pamodzi ndi tika, ndipo akuti adzakupatsa yekha. Ulembe, unene ngati timakutu tija mwatimvetsa.

Ndine bambo ako,
Aita Pun